Mbiri ya Geigy itiphunzitse kusamala ndi mankhwala

Mlimi amene amathira Actellic m'chimanga poteteza ku anankafumbwe amagwiritsa ntchito mankhwala a kampani ya Syngenta. Umodzi mwa mizu ya kampaniyi uli mumzinda wa Basel ku Switzerland, komwe Johann Rudolf Geigy adayamba malonda a mankhwala ndi utoto mu 1758.

Mu 1939 katswiri wa kampani ya Geigy, Paul Müller, adapeza kuti DDT amapha tizilombo mwamphamvu. Mankhwalawa adapulumutsa anthu ambiri ku malungo, ndipo mu 1948 Müller adalandira mphoto ya Nobel. Alimi m'maiko ambiri adayamba kuwapopera m'minda mopanda mantha.

Vuto lidaonekera patapita zaka. DDT satha msanga m'nthaka, ndipo amaunjikana m'mafuta a nsomba, mbalame ndi anthu. Mbalame zina zidayamba kuikira mazira osachedwa kusweka, pomwe ntchentche ndi udzudzu wina zidasiya kufa ukazipopera. Dziko la America lidaletsa DDT pa ulimi mu 1972, ndipo pangano la ku Stockholm la mu 2001 lidangowalola polimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu.

Kampani ija sidathe. Mu 1970 idaphatikizana ndi Ciba, mu 1996 ndi Sandoz n'kukhala Novartis, ndipo mu 2000 nthambi yake ya zaulimi idalumikizana ndi ya Zeneca n'kubadwa Syngenta.

Ife tikuti: ngati akatswiri ophunzira kwambiri adatenga zaka kuti aone kuipa kwa mankhwala omwe ankawatama, nanga bwanji mlimi wogula kwa venda mankhwala a m'botolo lopanda lebulo? Sadziwa dzina lake, mlingo wake, ngakhale masiku oyenera kudikira asanathyole ndiwo. Amene adzadye tomato kapena nsima ya chimanga chimenecho ndi ana ake omwe.

Alimi anzathu, gulani m'masitolo ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Werengani lebulo ndi kutsatira mlingo. Valani magolovesi, nsapato ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno popopera. Mankhwala a thonje kapena fodya asalowe m'thumba la chimanga chakudya, ndipo botolo lotha musatungiremo madzi kapena kusungiramo mchere.

Pomwe mwakayika, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Paja safunsa adadya phula.