M'mera Mpoyamba: Mitima ya Ana a M'maesiteti a Tiyi

Pali bodza limene lazika mizu m'mitu ya anthu ena, ngakhale ophunzira a m'maofesi, lakuti nthenda ya mtima ndi ya olemera okha, odya zonona ndi kuyenda pa galimoto. Anthu otere akamva kuti mwana wa munthu wothyola tiyi ku Thyolo watupa miyendo ndipo akubanika, amathamangira kunena kuti walodzedwa. Bodza limeneli liyenera kutsutsidwa poyera, pakuti likutayitsa ana amene akadapulumuka ndi mankhwala otsika mtengo.

Nthenda ya mtima imene imasautsa ana a anthu osauka imayambira pakhosi. Tizilombo totchedwa streptococcus timayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zilondazo zikapanda kuchizidwa, patapita masabata awiri kapena atatu ana ena amatentha thupi ndi kumva ululu m'mawondo ndi m'zigongono. Apo n'kuti thupi, polimbana ndi tizilombo tija, layamba kuwononga tizitseko ta mtima wake womwe, timene timaongolera magazi. Nthendayo ikabwerezabwereza, tizitsekoto timauma kapena kuleka kutseka bwino. Mnyamata amalephera kukwera chitunda, ndipo mtsikana akadzakula moyo wake umakhala pa chiswe nthawi ya pakati.

Tizilombo timeneti timafala msanga pamene anthu agona mothithikana. Boma la Thyolo, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu oposa 700,000, pamene malo aakulu achonde ali pansi pa tiyi. Kuzungulira Makwasa, Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, mabanja ambiri amakhala m'makomboni ndi m'midzi yopanikizana, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ana amagona mounjikana m'chipinda chimodzi. Kodi amene akuti nthendayi ndi ya olemera anayamba walowamo m'nyumba zimenezi?

Umboni ulipo. Kafukufuku wa posachedwa ndiye akuyankhula. Madokotala amene anaunika mitima ya ana ku Lilongwe anafalitsa mu 2016 kuti ana oposa atatu mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za nthendayi mosadziwa. Mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, unagwirizana ku Geneva kuti maiko alimbane nayo mwamphamvu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake ndi penisilini wamba. Jekeseni imodzi, kapena mapiritsi a masiku 10, amatha kutseka njira ya nthendayi ikadali pakhosi. Mwana amene yamugwira kale amafunika jekeseni pa masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri. Koma tizitseko tikawonongeka kotheratu pamatsala opaleshoni yodya ndalama zankhaninkhani, imene kwa zaka zambiri odwala a m'Malaŵi akhala akuitsatira kunja, monga ku India. Ndi wothyola tiyi uti angafike kumeneko?

Tsono udindo wa aliyense ndi woonekeratu. Kapitawo amene amakaniza mai kupita ndi mwana ku chipatala chifukwa chakuti dengu silinadzaze, adziwe kuti akugulitsa mtima wa mwana ndi masamba a tiyi. Eni maesiteti aonetsetse kuti m'zipatala zawo penisilini sakutha, ndiponso kuti nyumba za antchito zikukulitsidwa. Ogwira ntchito m'Boma asunge kaundula wa ana olandira jekeseni, ndipo mwana akajomba alangizi a zaumoyo amulondole kwawo. Odwala kwambiri atumizidwe msanga ku chipatala cha Thyolo, ku Malamulo kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Aphunzitsi asanyozere mwana wodandaula pakhosi.

Nawo atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera asamangosonkhanitsa anthu pa nkhani za mavoti. Auze makolo mosabisa kuti mphini sizichiza mtima, ndipo kuti mwana wotentha thupi ndi womva kuwawa pakhosi ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Tiyi wa ku Thyolo wakhala akubweretsera dziko ndalama zakunja kwa zaka zoposa 100. N'chamanyazi kuti ana a anthu omuthyola azifa chifukwa chosowa jekeseni imodzi.