ZILEMBO ZA PA MSEU NDI NKHANI YA MOYO

Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mtunda wa mamita 28 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akataya masekondi atatu kuti azindikire dzina la Katete kapena Petauke pa cikwangwani ca mu Great East Road, ndiye kuti wayenda mamita oposa 80 maso ali m'mwamba, osaona mwana amene aolotsa ng'ombe. Nco cifukwa cace kalembedwe ka zikwangwani si nkhani ya akatswiri okha ai, koma ya mudzi uli wonse wa m'mbali mwa mseu.

Maiko ena anaiganizira mozama nkhaniyi. Ku Britain, potsegula mseu waliwiro woyamba ku Preston mu 1958, anaikapo zilembo zimene anakonza Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, zochedwa Transport. Iwo anasiya mwambo wolemba dzina lonse ndi zilembo zazikulu zokha-zokha. Cacikulu cinatsala coyamba, zotsatira zonse zazing'ono. Monga timazindikira mbale wathu ali patali poona msinkhu ndi mayendedwe ace, momwemonso thupi la liu limathandiza diso kulizindikira lili patali.

Ku United States bvuto linaonekera usiku. Nyali za galimoto zikaunika cikwangwani conyezimira, kuwala kumasefukira ndi kutseka timipata ta m'kati mwa a, e ndi s, maka-maka m'maso mwa okalamba. Motero Don Meeker ndi James Montalbano anakonza zilembo za Clearview, za timipata totakata kuposa zilembo zakale za Highway Gothic. Boma la kumeneko linaziloleza mu 2004, linaziletsa mu 2016, ndipo linazilolanso mu 2018. Dziko silingakangane zaka zonsezo pa cinthu copanda pace.

Kuno kwathu, maiko a SADC, kuphatikizapo Zambia, ali ndi buku limodzi la malamulo a zizindikiro za pa mseu, ndipo zilembo zace ndi za DIN 1451 zocokera ku Germany, kuti woyendetsa lole asasokonezeke akaoloka malire.

Koma nzeru zonsezi zimapita pacabe ngati cikwangwani cabisika m'udzu, cadetsedwa ndi moto wa lupsa, camatidwa mapepala, kapena cazulidwa ndi wina wofuna kusula mbaula. Wocita zotere saba citsulo cokha. Aba masekondi amene akadapulumutsa mwana wa mnansi wace.

Akulu anati walira mvula walira matope. Tinalira tara, ndipo tara yabwera ndi liwiro. Tsono mafumu, nyakwawa ndi atsogoleri nonse a kumidzi, ucititseni udzu kulambulidwa pozungulira zikwangwani, tetezani moto, ndipo wozula cikwangwani mukamnene kwa apolisi. Cilembo cooneka patali ndi mlonda amene sagona.