Madamu a ku Malingunde aziunikidwa, ife tizimva

Madzi amene amamwedwa ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 amachokera ku Malingunde, kumene mtsinje wa Lilongwe udatchingidwa ndi madamu awiri a Kamuzu, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989. Kumunsi kwa madamuwa ndiko ambiri a ife tili ndi madimba a tomato, mpiru ndi mondokwa. Khoma litagumuka, oyamba kukokoloka ndife.

Damu limakalamba monga imachitira nkhokwe. Mu 2023 madamu awiri adagumuka ku Derna m'dziko la Libya ndipo anthu zikwizikwi adafa, chikhalirecho akatswiri anali atachenjeza kale za ming'alu.

Lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Tikupempha bungweli pamodzi ndi Lilongwe Water Board kuti makoma a madamuwa aziunikidwa dzinja lisanafike, ndipo zimene apeza azifotokozera mafumu ndi makalabu athu m'Chichewa. Madzi akamayandikira kusefukira, chenjezo lizimveka pa wailesi nthawi ilipo.

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu. Tileke kulima mpaka m'gombe ndi kuotcha makala ku Dzalanyama, pakuti dothi lokokoloka kumeneko ndilo limakwirira madamu. Nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa kalabu iliyonse mvula isanayambe.