Za Thanzi Lathu: "Ni ya mtengo cabe"

Sabata yatha n'nali ku maliro ku Sinda. M'mamawa azakhali anga pouka pa mphasa anaona mdima m'maso, n'kugwera pafupi na moto. Titawafunsa bwino, ati mapilisi a BP a ku kiliniki akumwa ndithu, koma usiku amaonjezako kapu ya makungwa a mwimbi. "Mwanawe, ni ya mtengo cabe, siingaphe munthu."

Mau amenewo ndiye andilembetsa lero.

Mwimbi, mtengo uja wa m'mbali mwa mitsinje wotuluka madzi oyera ngati mkaka, uli na m'bale wake ku India wocedwa Rauvolfia serpentina. Mu 1952 akatswiri a kampani ya Ciba ku Switzerland anacotsa mankhwala m'mizu yake, n'kuwacha reserpine. Anakhala amodzi mwa mapilisi oyamba otsitsadi BP. Manje mverani muyeso wake: 0.1 mpaka 0.25 mg patsiku, kocepa ngati kambeu ka mcere. Nanga kapu ya azakhali ili na zingati? Palibe anapima.

Reserpine imagwira mwapang'onopang'ono, patapita masabata, ndipo ukaleka kumwa imakhalabe m'thupi. Imatseka mphuno ngati cimfine, imabweretsa tulo na cizungulire, imacedwetsa mtima, ndipo imautsa zilonda za m'mimba. Coopsa kwambiri, ena imawagwetsa mu cisoni cacikulu, mpaka kuganiza zodzipha. N'cifukwa cake masiku ano madokotala amakonda kupatsa ena monga amlodipine na nifedipine.

Apa m'pamene nchito ya anesi imaonekera. Kaya muli ku St Francis ku Katete, ku Nyanje ku Sinda kapena pa kakiliniki ka ku Vubwi, anesi amapima BP na kugunda kwa mtima, ndipo akafunsa zimene mukumwa kunyumba sikuti afuna nkhani. BP yopitirira 140/90 ni yokwera, koma yotsika kwambiri nayo imagwetsa. Mukabisa za m'poto, angakuonjezereni kapena kukucepetserani mapilisi molakwika.

Imwe osamalira makolo, gwirani izi. Pouka ayambe akhala pansi pang'ono, ndiye aimirire. Botolo la zitsamba lipite nao ku kiliniki, asacite manyazi. Mapilisi asaleke okha cifukwa mutu waleka kuwawa, BP nthawi zambiri siimveka m'thupi. Ndipo mukaona agogo amene anali oseka angoti zii, sakudya, sakufuna anthu, osathamangira kuti awalodza. Kauzeni anesi tsiku lomwelo.

Azakhali tinawaperekeza, poto uja ali m'thumba. Anesi sanawakalipile. Anawapima atakhala, anawapimanso ataimirira, n'kuwauza kuti makungwa aleke, abwerenso pakapita masabata awiri. Pobwerera anangoti, "Kansi mtengo nao ni cipatala, ufunika muyeso." Dzanja lapsa pang'ono, koma ali moyo.