Ntcheu ipatule nkhalango malo asanathe

Pakati pa Old Town ndi City Centre mumzinda wa Lilongwe pali nkhalango yomwe mtsinje wa Lingadzi umadutsamo. M'menemo muli apusi, agwape, ng'ona ngakhalenso afisi. Nkhalangoyi ilipo lero chifukwa amene ankakonza mapulani a likulu latsopano, lomwe linachoka ku Zomba mu 1975, anaisiya osaidula mapoloti. Kuyambira 2007 mulinso Lilongwe Wildlife Centre, komwe amasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa, monga ngaka, asanazibwezere kutchire. Ana asukulu amapitako kukaona ndi maso zomwe amangoziwerenga m'mabuku.

Tikukumbutsa izi poganizira Ntcheu. Paboma ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 nyumba zikumera usiku ndi usana, ndipo kwa Inkosi Champiti, monga m'madera ena a bomali, malo akuchepa. Aliyense woyenda pamsewuwu amaona matumba a makala atandandalikidwa, pakamwa pake atalukapo luzi, akudikira magalimoto opita m'tauni. Mitengo ikupita, ndipo nkhalango za Dzonzi ndi Mvai zikuperepeseka.

Zotsatira zake tinaziona kale. Mu 2018 damu la Mpira, lomwe madzi ake amachokera ku Mvai, linaphwa, mipopi ya ku Ntcheu ndi Balaka n'kuuma. Amayi anabwerera kuzitsime zam'madambo. Ku Blantyre, komwe phiri la Soche linametedwa mpala, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala zomwe zinakwirira anthu ku Chilobwe mu 2023. Mzinda ukadya nkhalango yake, malipiro ake amakhala miyoyo.

Pali nkhani ya mbiri yathunso. Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka kwa Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano, ndipo amakumbukira Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Malo otere, pamodzi ndi manda a makolo komwe nkhwangwa siinkafika, ndiwo ayenera kukhala phata la nkhalango zotetezedwa.

Choncho tikupempha khonsolo ya Ntcheu, mafumu ndi a zankhalango kuti akhale pansi, ayeze malo, aike malire ndi kuwalembetsa. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola kale midzi kukhala ndi nkhalango zawo zoyang'aniridwa ndi makomiti a m'mudzi. Chikusoweka n'kuligwiritsa ntchito.

Sitikunena kuti wootcha makala angothamangitsidwa. Amaotcha chifukwa pakhomo palibe ufa. Apatsidwe ming'oma ya njuchi, ntchito yolondera nkhalango ndi gawo la ndalama zomwe alendo angalipire. Munthu amateteza chomwe akudyerapo.

Malo akagawidwa, nyumba n'kumangidwa, palibe mfumu kapena khansala amene angawalandenso. N'chifukwa chake malirewo ayenera kuikidwa chaka chino.