ZA UMOYO PABANJA: Matenda Odabwitsa a ku Neno

Ulendo uno tichoke pang'ono kunyanja kuno, tikwere mapiri a ku Neno, kumalire a Malaŵi ndi Mozambique, chifukwa zimene zidachitika kumeneko zikukhudza ana athu.

M'chaka cha 2009, m'midzi ina ya boma la Neno ndiponso ya ku Tsangano, kutsidya kwa malire, mudagwa matenda amene adaimitsa anthu mitu. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi ndi litsipa, monga momwe amayambira malungo. Koma ena mwa odwalawo ankafika podzandira poyenda, lilime kulemera, mutu kusokonezeka. Matenda otere akadagwa m'mudzi mwathu, ambirife tikadathamangira kuloza chala nkhalamba ina kuti ikulodza ana. Unduna wa Zaumoyo udagwirizana ndi akatswiri a bungwe la CDC la ku America, ndipo atapima magazi a odwalawo adapeza kuti ndi tayifodi. Pofika mwezi wa Novembala adaŵerenga odwala 303, ndipo 11 mwa iwo adamwalira. Chodetsa nkhaŵa china nchakuti kachirombo kake sikankamva mankhwala atatu amene madokotala ankadalira kale: ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim.

Tayifodi imaloŵera pakamwa. Kachirombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha munthu wodwala, kenaka nkufika m'madzi akumwa kapena m'chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba. Pali anthu ena amene amachira, naoneka athanzi, koma nkumafalitsabe kachiromboko kwa nthaŵi yaitali osadziŵa. Matendawa akalekereredwa milungu iŵiri kapena itatu angathe kuboola matumbo, ndipo apo mwana sapulumuka popanda opaleshoni. Tsono taganizani za madoko athu ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene asodzi ndi amalonda a usipa amachulukana koma zimbudzi nzoŵerengeka, pamene malo osambira, ochapira ndi otungira madzi ndi amodzimodzi. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Nthaŵi ya mliri wa ku Neno ija ana a m'dziko muno sankalandira katemera wa tayifodi kusikelo. Lero alipo, ndipo adayesedwa konkuno. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre adaloŵa m'kafukufuku wa katemerayu, woyamba wa mtundu wake mu Africa muno. Madokotala adaŵatsata anawo zaka zinayi, napeza kuti jakisoni mmodzi yekha amaletsa pafupifupi matenda 8 mwa 10 alionse amene akadagwira ana obayidwawo. Pamenepo boma, mu Meyi 2023, lidachita kampeni m'dziko lonse, kubaya ana a miyezi 9 mpaka osafika zaka 15, pamodzi ndi katemera wa chikuku ndi wa poliyo. Kuyambira pamenepo katemera wa tayifodi amaperekedwa ulere kusikelo mwana akakwana miyezi 9, tsiku lomwe akulandira wa chikuku.

Apa mpamene pagona nkhani. Kampeni ija idapita, ndipo mwana wobadwa pambuyo pake adzatetezedwa pokhapokha ngati kholo lake lamnyamula kupita naye kusikelo. Amayi ambiri amalimbikira sikelo khanda likadali lanthete, koma likayamba kukhala pansi ndi kudya phala amaona ngati ntchito yatha. Ayi, siinathe. Pa miyezi 9 pali katemera, ndipo pa miyezi 15 pali wachiŵiri wa chikuku.

Ena amafunsa kuti, "Nanga mwana ali bwinobwino, akambayirenji?" Katemera ntchito yake nkuphunzitsa thupi kumzindikira mdani asanafike, motero amaperekedwa kwa munthu wathanzi. Funsani abale athu amene adapitako ku Haji. Boma la Saudi Arabia limafuna kuti aliyense wopita ku Haji aonetse chiphaso cha katemera wa matenda oumitsa khosi, ndiponso limalangiza kuti abayitse katemera wa chimfine, uja wobwereza chaka ndi chaka chifukwa kachirombo ka chimfine kamasinthasintha. Onsewo amabayitsa ali athanzi, napita, nabwerako bwino. Ngati tilola kubayidwa kuti titetezeke paulendo wa milungu yochepa, tingamkanize bwanji mwana amene amamwa madzi a m'mudzi muno tsiku ndi tsiku?

Nzoona kuti pobayidwapo pangathe kutupa pang'ono, ndipo thupi lingatenthe tsiku limodzi kapena aŵiri. Zimenezi zimatha zokha. Zikapitirira, bwererani naye kuchipatala.

Inu abambo, nkhaniyi musaŵasiyire amayi okha. Mukabwera kunyanja, tengani kabuku ka sikelo ka mwana aliyense, mutsegule nokha. Ngati pena mpopanda cholemba, kapena simukumvetsa zolembedwazo, pitani nako kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzeni chochita. Ngati chipatala chili kutali, njinga muli nayo ndinu.

Komanso katemera asatiiŵalitse ukhondo, popeza sateteza ku kolera kapena ku matenda ena otsegula m'mimba. Madzi akumwa tiŵiritse kapena tithiremo klorini, banja lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo m'manja tisambe ndi sopo. Mwana akatentha thupi masiku atatu, koma kuchipatala atapima nkupeza kuti malungo alibe, musamgulire mapiritsi pagolosale. Bwererani naye, ndipo muŵafunse adokotala za tayifodi.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tidzachezanso m'kope lotsatira, inshaallah.