Kalaliki Wamng'ono ndi Malipiro Ake

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za ana anu aja amene munawaphunzitsa ndi ndalama za fodya ndi za nyemba, ena mutagulitsa ng'ombe ya m'khola, ndipo tsopano alemba mabuku a ndalama pa Boma la Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni kapena ku Chikangawa. Ambiri a iwo adandaula kuti malipiro sakwana, koma sadziwa polowera. Wina aopa kuchotsedwa, wina achita manyazi, ndipo wina angosiya ntchito mwakachetechete nakwera basi ya ku Joni. Tsono tiyeni tione nthawi yopempha ndi mapemphedwe ake.

Poyamba tidziwe kuti kupempha malipiro oyenera si mwano. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891, anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga munthu wantchito wodziletsa. Ndiponso ndalama imene munapangana zaka zapitazo si ndalama yomweyo lero. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi inachoka pa K1,180 nifika pa K1,700. Boma lomwe linaona zimenezi, ndipo mu Febuluwale 2024 linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi. Kalaliki amene malipiro ake sanasunthe m'zaka zimenezo, kunena zoona, anatsitsidwa, ngakhale palibe anamuuza.

Koma mwana wanu ayambe wazindikira kumene agwira. M'maofesi a boma malipiro ayenda ndi giredi, ndipo bwana wa pa ofesi sangathe kuonjezera munthu mmodzi ngakhale atamkonda chotani. Kumeneko njira ndiyo kukhoza mayeso ndi kufunsira malo apamwamba akatuluka. Koma m'sitolo, m'kampani, m'kopaletivi kapena m'bungwe, mwini ntchito ali ndi mphamvu ya kumva pempho.

Nanga apemphe liti? Asapemphe akali pa nthawi yoyesedwa, imene lamulo la ntchito la mu 2000 silola kuti ipitirire miyezi 12. Adikire atatha chaka, atatseka mabuku a chaka chonse, ndipo ofufuza mabuku atabwera napeza zonse zili m'malo. Nthawi ina yabwino ndi pamene wakhoza mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno, kapena pamene mnzake wachoka ndipo ntchito ya anthu awiri yagwera iye yekha. Akumbukirenso kuti ndalama za malipiro zilembedwa mu bajeti chaka chisanayambe. Chaka cha ndalama cha boma chiyamba pa 1 Epulo, ndipo makampani ena ayamba chawo mu Januwale. Wopempha bajeti itatsekedwa kale afanana ndi munthu wobzala mvula itatha. Kwa mwini sitolo wa pa Jenda, musapite mu Febuluwale pamene anthu alibe ndalama ndipo malonda agona. Dikirani zokolola zitalowa pamsika ndipo fodya akugulitsidwa. Inu olemba mabuku mudziwa bwino koposa wina aliyense mwezi umene thumba la bwana lili lolemera.

Tsopano za mapemphedwe. Safunsa anadya phula: yambani mwafufuza kwa anzanu a ntchito yomweyo m'malo ena, ndi m'zolengeza za ntchito m'nyuzipepala, kuti mudziwe mtengo wa ntchito yanu. Pambuyo pake lembani pa pepala zimene mwachita: kuti msonkho wa PAYE munaupereka ku MRA tsiku la 14 lisanapite mwezi ndi mwezi, kotero kampani sinalipe chindapusa, kuti munatolera ngongole zimene zinaiwalika, kuti mabuku anu agwirizana ndi a ku banki. Bwana amva za phindu lake msanga koposa za mavuto anu. Matenda a kumudzi, fizi ya mng'ono wanu ndi ng'ombe za malowolo ndi zinthu zoona, koma wantchito aliyense ali nazo, ndipo sizisiyanitsa inu ndi mlonda wa pachipata.

Pemphani tsiku lokaonana naye pa awiri, osati pakhonde kapena pamaso pa anthu ogula. Tchulani chiwerengero chenicheni. Tiyerekeze kuti mulandira K250,000 ndipo mufuna K300,000: nenani chomwecho, musati "kangachepe kalikonse", pakuti wopempha kalikonse alandira kalikonse. Werengeraninso chimene chidzafika m'manja, popeza pa ndalamayo achotsapo msonkho ndi 5 pa 100 ya penshoni, pamene bwana aikapo 10 pa 100. Mukatha kulankhula, siyani kalata yaifupi ndi yaulemu. Makolo athu a Mombera Native Association, imene inayamba mu 1920, monga Charles Chinula ndi Yesaya Chibambo, ankapereka madandaulo awo ku boma la atsamunda polemba, chifukwa anadziwa kuti mawu apakamwa auluka koma kalata ikhala m'kabati.

Bwana akakana, musakwiye. Funsani kuti, "Bwana, ndichite chiyani kuti chaka chamawa mundiganizire, ndipo tidzaonanenso mwezi uti?" Kapena angathe kukulipirani mayeso, kapena kukupatsani ndalama ya nyumba. Musaopseze kuti muchoka ngati mulibe kopita. Ndipo mukachokadi, perekani chidziwitso, tsekani mabuku bwino, pakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Koma ngati bwana sapereka konse malipiro amene munapangana, kapena apereka ochepera lamulo, imeneyo si nkhani yopempha ayi. Ndi mlandu wa ku ofesi ya zantchito pa Boma, ndipo ukakanika upita ku khoti la zantchito ku Mzuzu.

Pali misampha iwiri imene itchera wolemba mabuku a ndalama yekha. Woyamba ndi uwu: iye aona malipiro a anthu onse. Asanene konse kuti, "Uje alandira zakuti," chifukwa tsiku lomwelo bwana adziwa kuti kalaliki wake sasunga chinsinsi. Wachiwiri ndi woopsa koposa: kudzikweza wekha malipiro potapa m'bokosi, ndi kunena mumtima kuti ndibweza pakutha pa mwezi. Kumbukirani kuti nkhani ya Cashgate mu 2013 inaululika pamene kalaliki wamng'ono wa ndalama za boma anapezeka ndi ndalama zambirimbiri m'galimoto, ndipo ambiri anatsirizira kundende. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Potsiriza tilankhule ndi inu, atate ndi amayi. Mwana akakhala pakati pa ndalama tsiku lonse, si kuti ndalamazo ndi zake. Mukamtumira uthenga sabata ndi sabata, lero feteleza, mawa malata, mumkankhira ku bokosi lija ndi manja anu. Mfunseni chimene alandira, panganani chimene angathe kutumiza, ndipo mlimbikitseni kumaliza mayeso ake. Mwana wokhulupirika adzakuthandizani zaka zambiri, koma wa kundende mudzamtumizira ufa ndinu.